Usiku Wochotsa Seva Yachitatu

Ku Kajaani kuno dzuwa lalowa ana asanaweruke kusukulu.
Chipale chofewa chakwirira njinga yanga pakhomo.
Muno, m'nyumba imene kale inkagaya mitengo kukhala mapepala,
makina akundipumira mpweya wofunda kumsana
ngati ng'ombe zogona m'khola.

Reijo ndiye anaika phukusili, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.
Ine ndinali mwana wa dzulodzuloli, wogwira tochi.
Analemba lamulo limodzi, n'kukankhira mpando kumbuyo.
Phukusi linafika ndi abale ake khumi ndi anayi
amene sitinawaitane.
"Aleke alowe," anatero, akupukuta magalasi ndi malaya,
"iye payekha sadziwa ngakhale kuyatsa moto."

Kenaka anaphunzitsa maseva atatu kudziwana mayina.
Iwe ndiwe woyamba. Iwe wachiwiri.
Iwe wapansi, woyandikana ndi fumbi, wachitatu.
Sekondi iliyonse muzifunsana: uli moyo?
Awiri akagwirizana, mlandu watha.
Wotsala yekha atseke pakamwa, asakhudze kanthu,
pakuti kali kokha n'kanyama.

Lero kalata yochokera kumwamba ili ndi mizere iwiri basi.
Yachitatu yakalamba. Ichotsedwe lisanafike Lachisanu.

Ndayamba ndi kusamutsa katundu:
malipiro a anamwino, mndandanda wa mabasi a m'mawa,
zonse zawolokera kwa anzake mwakachetechete,
palibe foni imene yalira.
Ndaimitsa pulogalamu. Ndadikira.
Ndalemba lamulo lochotsa, ndipo makina,
aulemu kuposa mabwana, andifunsa:
Mukufunadi? Inde kapena ayi?
Chala changa chaima m'mwamba ngati nkhuku yoponda pozizira.
Inde.

Zaka zisanu ndi zinayi zatha m'masekondi anayi.
Abale khumi ndi anayi aja atsala ali yaviyavi,
alendo pamaliro a munthu amene anawabweretsa.
Nawonso ndawatulutsa.

Koma kuchotsa sikusesa.
M'kona mwatsala fayilo ya makonzedwe,
ndipo pamzere wa makumi anayi ndi chimodzi
Reijo akulankhulabe:
Kaisu, nambala iyi usaisinthe.
Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinayesa, ndipo sindinagone.

Lamlungu ndinapita kukamuona kunyumba ya okalamba.
Anayang'ana chipewa changa nthawi yaitali,
n'kundifunsa ngati ndine wobweretsa mankhwala.
Munthu amene anagawira zitsulo mayina.
Ndinati inde. Ndinamusendera lalanje.

Lilipo lamulo lina, lokolopa mpaka pansi pa kama,
losasiya ngakhale mzere.
Ndi limene kalata ikufuna.
Ndakopera kaye mzere uja kuseri kwa lisiti ya khofi,
zilembo zokhota, cholembera chikukana kuzizira,
kenaka ndalilemba.
Fayilo yapita osatsanzika.

Ndazula nthambo ziwiri, yabuluu ndi yachikasu.
Mafani apota, apota, aleka.
Pashelefu patsala dzino logweruka,
ndipo mphepo yozizira ikudutsa pamenepo.

Ndimati ndamaliza.
Koma m'kaundula wa seva yachiwiri mizere ikutsika,
umodzi pa sekondi, umodzi pa sekondi:
wachitatu, uli moyo?
wachitatu, uli moyo?
Ndinaiwala kufufuta dzina m'buku lake.
Palibe anaiuza. Ikugogoda pakhomo pa nyumba yogumulidwa.

Kukonza kwake n'kwa mzere umodzi, ndikukudziwa.
Ndikudziwanso kuti awiri akasemphana mawu
sipadzakhalanso wachitatu wodula mlandu
kufikira yatsopano itafika pa lole, mwina mwezi wamawa,
msewu ukalola.

Khofi wanga akadali wotentha.
Kunja khasu la galimoto likupala chipale pamsewu wa basi yoyamba.
Ndakhala pampando wa Reijo, wopendekera kumanzere uja.
Ifunse kaye.
Ndiiuza ndikamaliza kapu iyi.